Frederick Wallace Edwards

Frederick Wallace Edwards (28 Novembala 1888 – 15 Novembala 1940) anali katswiri wa ku England wofufuza za tizilombo touluka ta mapiko awiri, makamaka udzudzu ndi tizilombo tina ting'onoting'ono tofanana nawo. Anagwira ntchito kwa zaka 30 ku nthambi ya zachilengedwe ya British Museum mumzinda wa London, imene masiku ano imatchedwa Natural History Museum. Pa moyo wake anafotokoza ndi kupereka mayina asayansi kwa mitundu ya tizilombo yoposa 2,000. Ku Malawi amadziwika chifukwa cha nkhungu za pa Nyanja ya Malawi, zimene iye anazipatsa dzina lasayansi loti Chaoborus edulis m'chaka cha 1930.

Ubwana ndi maphunziro

Edwards anabadwira ku Fletton, pafupi ndi mzinda wa Peterborough. Anaphunzira pa Cambridge County School, kenako analowa Christ's College pa yunivesite ya Cambridge, kumene anachita maphunziro a sayansi ya zachilengedwe. Mu 1910 analembedwa ntchito ku British Museum ndipo anaikidwa kuyang'anira gulu la tizilombo lotchedwa Nematocera. M'gululi muli tizilombo ta thupi lowonda, miyendo yaitali ndi tinyanga ta mfundo zambiri, monga udzudzu ndi nkhungu.

Pa nthawiyo ntchito yozindikira tizilomboti inali yofunika kwambiri. Mu 1897 Ronald Ross anali atapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo kuchokera pamenepo madokotala m'mayiko otentha anafuna kudziwa kuti ndi udzudzu uti umene umafalitsa matenda. Mu 1913 kunakhazikitsidwa bungwe la Imperial Bureau of Entomology, limene linkalandira tizilombo totumizidwa ndi madokotala ndi akuluakulu a zaulimi a m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Limodzi mwa mayikowa linali Nyasaland, amene likulu lake linali Zomba. Tizilomboti tinkafika ku London titaumitsidwa ndi kubayidwa pa timasingano, kapena tili m'timabotolo ta mankhwala. Ntchito ya Edwards inali kutiyang'ana pa maikulosikopu, kuyerekezera mitsempha ya m'mapiko, tinyanga, miyendo ndi ziwalo zoberekera za tizilombo tatimuna, kenako n'kunena kuti ndi ta mtundu wanji.

Kusiyanitsa tizilombo tofanana

Kwa munthu wongoona ndi maso, kachilombo kalikonse kakang'ono kozungulira nyali usiku kamaoneka ngati udzudzu. Zolemba za Edwards zinathandiza kuonetsa kuti tizilomboti tili m'mabanja osiyana, ndipo moyo wake ndi wosiyananso. Tonse timayamba ngati dzira, timaswa mphutsi, mphutsiyo imasanduka pupa, amene ndi gawo limene mapiko ndi miyendo zimaumbika, ndipo pomaliza pamatuluka kachilombo kouluka. Kusiyana kuli pa malo okhala mphutsi ndi chakudya cha kachilombo kakakula.

Banja la Chironomidae ndi la tizilombo tosaluma. Mphutsi zake zambiri zimakhala m'matope a pansi pa mitsinje, madambo ndi nyanja, ndipo zina n'zofiira chifukwa zili ndi himogulobini, chinthu chomwecho chimene chimafiiritsa magazi a munthu. Ichi chimazithandiza kukhala m'madzi a okosijeni wochepa. Mphutsizi ndi chakudya chachikulu cha nsomba. Mu 1929 Edwards anasindikiza kafukufuku wa mitundu yoposa 300 ya banjali yopezeka ku Britain, ndipo akatswiri anagwiritsa ntchito kafukufukuyu kwa zaka zambiri.

Banja la Ceratopogonidae ndi la tizilombo ting'onoting'ono kwambiri, tina totalika milimita imodzi kapena awiri okha, moti timatha kudutsa pa mabowo a masikito wamba. Tatikazi ta gulu la Culicoides timayamwa magazi a anthu ndi ziweto, pamene tina ta gulu la Forcipomyia timanyamula mungu pa maluwa a mtengo wa koko. Edwards analemba za banjali mu 1926. Patapita zaka zinayi iye atamwalira, mu 1944, R. M. du Toit wa ku Onderstepoort ku South Africa anaonetsa kuti Culicoides amafalitsa matenda a nkhosa otchedwa bluetongue.

Mu 1922 Edwards anafotokoza gulu latsopano lotchedwa Deuterophlebia kuchokera ku tizilombo togwidwa ku Kashmir. Mphutsi zake zimamatirira pa miyala ya m'mitsinje yothamanga ya m'mapiri, ndipo tizilomboti tinali tosiyana ndi tina tonse moti anatipatsa banja lakelake.

Pa udzudzu weniweni, akatswiri a m'mbuyomo anali atagawa mitundu yake m'magulu oposa 100, ambiri ongosiyana pa timamba ta pathupi. M'buku lake la 1932, limene linatuluka m'mndandanda wa Genera Insectorum, Edwards anasanja mitundu pafupifupi 1,400 m'magulu 30 okha. Dongosolo limeneli linakhala maziko a kasanjidwe ka udzudzu kwa zaka zambiri zotsatira.

Nkhungu za pa Nyanja ya Malawi

Anthu a m'mbali mwa nyanja ankazidziwa nkhungu kalekale azungu asanafike. Zimatuluka m'madzi zochuluka zedi n'kukwera m'mwamba, moti munthu woona ali patali amaganiza kuti ndi utsi wa moto umene ukuyaka pakati pa nyanja. Mphepo ikaziponyera kumtunda, anthu a m'madera monga Nkhata Bay, Likoma ndi Chizumulu amazikola ndi madengu, kuzikanikiza pamodzi, kuziphika ndi kuziyanika kuti zikhale ndiwo. David Livingstone, amene anayenda pa nyanjayi mu 1861, analemba za chakudyachi m'buku lake la 1865.

Edwards anafotokoza nkhunguzi mwasayansi mu 1930 m'magazini ya Annals and Magazine of Natural History. Mawu oti edulis ndi a Chilatini ndipo amatanthauza chinthu chodyedwa, choncho dzinali linasunga zimene anthu a kunyanja ankadziwa kale. Iye anaziika nkhungu m'kagulu ka banja la udzudzu, koma akatswiri a pambuyo pake anazipatula n'kuziika m'banja lakelake la Chaoboridae. Ngakhale zili pachibale ndi udzudzu, nkhungu siziluma ndipo sizifalitsa malungo.

Moyo wa nkhungu unadziwika bwino Edwards atamwalira. Mphutsi zake n'zoonekera mkati ngati galasi ndipo zili ndi timatumba tinayi ta mpweya, tiwiri kutsogolo ndi tiwiri kumbuyo, timene timazithandiza kuyandama pa kuya kumene zikufuna. Masana zimatsikira pansi kwambiri, zina mpaka mamita 200 kapena kuposerapo, kumene kuli mdima ndipo okosijeni ndi wochepa moti nsomba zambiri sizifikako. Usiku zimakwera kudzadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, tomwenso usipa umadya. Mphutsizo nazonso zimadyedwa ndi nsomba monga ndunduma ndi nkholokolo. Nkhungu zouluka zimatuluka kwambiri mwezi ukakhala kumdima. Zimakwerana m'mwamba, zazikazi zimaikira mazira pamwamba pa madzi, ndipo zonse zimafa pasanapite masiku ambiri.

Maulendo ofufuza

Ngakhale ntchito yake yambiri inali ya pa tebulo, Edwards anapitanso yekha kukagwira tizilombo. Mu 1926 anapita ku Patagonia ndi kummwera kwa Chile pamodzi ndi katswiri wa ku America, Raymond Shannon. Zimene anapeza zinasindikizidwa kuyambira mu 1929 m'mabuku a Diptera of Patagonia and South Chile. Tizilombo tambiri ta kumeneko tinapezeka kuti tikufanana ndi ta ku New Zealand ndi Australia, ngakhale pakati pa mayikowa pali nyanja yaikulu. Mu 1966 Lars Brundin wa ku Sweden anagwiritsa ntchito tizilombo ta banja la Chironomidae posonyeza kuti kufananaku kunachokera pa nthawi imene mayiko a kummwera anali mtunda umodzi.

Mu 1934 ndi 1935 Edwards anayenda m'mapiri a Ruwenzori ku Uganda pamodzi ndi George Taylor, katswiri wa zomera, pa ulendo wokonzedwa ndi British Museum.

Zaka zomaliza ndi zimene anasiya

Mu 1937 Edwards anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya tizilombo, ndipo mu 1938 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Mu 1939 anatulutsa buku la British Blood-sucking Flies pamodzi ndi Harold Oldroyd ndi John Smart. Anamwalira pa 15 Novembala 1940, patatsala masiku 13 kuti akwanitse zaka 52. Buku lake lomaliza, gawo lachitatu la Mosquitoes of the Ethiopian Region, linatuluka mu 1941. Bukuli linafotokoza udzudzu wa magulu monga Culex ndi Aedes wa ku Africa kummwera kwa Sahara, ndipo ofufuza za matenda analidalira kwa nthawi yaitali. Gulu la tizilombo ta m'mitsinje ya m'mapiri lotchedwa Edwardsina linapatsidwa dzinali pomulemekeza.

Ku Malawi, kafukufuku wa tizilombo ta m'mabanja amene Edwards anasanja anapitirira m'boma la Zomba. Mitsinje ya Domasi ndi Likangala, yochokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, imathira mu Nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968. Madzi atabwerera, A. J. McLachlan wa ku Yunivesite ya Malawi anapeza kuti mphutsi za Chironomus transvaalensis zinali m'gulu la zamoyo zoyamba kudzaza matope a nyanjayo. Zotsatira za kafukufukuyu zinalowa m'buku lonena za Nyanja ya Chilwa limene linasindikizidwa mu 1979.