Masauko Chipembere: mwana wa ku Malindi amene anakana chitaganya, nakananso ulamuliro wa munthu mmodzi

Aliyense wokwera minibasi kuchoka ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre amadutsa mu msewu waukulu wa Masauko Chipembere. Koma mutawafunsa anyamata oitanira aja kuti mwini dzinali anali yani, ambiri angokuyang'anani kukamwa yasa. Mlandu si wawo ayi. Kwa zaka pafupifupi 30 dzina limeneli silinkatchulidwa poyera m'dziko muno, ndipo wolitchula ankayamba wacheuka kaye.

A Henry Masauko Chipembere anabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo, m'dera la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Chipembere, anali mphunzitsi amene pambuyo pake anadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican, ndipo kwawo kwenikweni kwa banjali kunadzakhala ku Malindi, pa mishoni ya m'mbali mwa nyanja kuvuma kwa boma la Fort Johnston, lomwe lero tikuti Mangochi. Mnyamatayu anaphunzira ku Malosa ndi ku Blantyre Secondary School, kenaka ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, nakatenga digiri ku Fort Hare ku South Africa. Maiko awiriwa anamuonetsa ndi maso ake momwe munthu wakuda amakhalira pamene boma lili m'manja mwa azungu ochepa okhazikika. Atabwerako analowa ntchito ya boma la atsamunda, yothandizira a DC, koma mtima wake sunali pamenepo.

Nkhani imene inali m'kamwam'kamwa masiku amenewo inali ya chitaganya. M'chaka cha 1953 boma la Britain linamanga pamodzi maiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, likulu lake ku Salisbury. Tinene pano kuti chitaganya pachokha si tchimo. Ndi njira ina yoyendetsera dziko pamene zigawo zimagwirizana kuti zinthu monga asilikali ndi ndalama zikhale za boma lalikulu, pamene zina zikhale za boma la chigawo chilichonse, ndipo malire a mphamvuzo amalembedwa m'malamulo oti mbali imodzi singawasinthe payokha. Ndi mmene akukhalira ku America, ku Canada, ku India ngakhalenso ku Nigeria. Koma mwala wa pangodya wa chitaganya chenicheni ndi kuvomera kwa eni dziko. Chathu chija chinalibe mwala umenewu. Mafumu anakana, chipani cha Nyasaland African Congress chinakana, koma azungu anangopitiriza ngati kuti palibe amene wayankhula. M'nyumba ya malamulo ya ku Salisbury munali mipando 35, ndipo anthu akuda a maiko onse atatu anapatsidwa mipando 6 yokha. Ukwati wotani umene mkazi safunsidwa n'komwe?

M'chaka cha 1956, ali ndi zaka 25 zokha, a Chipembere anasankhidwa kukhala mmodzi mwa Amalawi 5 olowa m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba. Iwo ndi a Kanyama Chiume anasandutsa nyumbayo bwalo la milandu, kufunsa mafunso amene akuluakulu a boma sanazolowere kufunsidwa ndi munthu wakuda, ndipo mabuku olembamo zokambirana za m'nyumbamo anayamba kuwerengedwa ngati nyuzipepala. Mfundo yawo inali yosapsatira: dziko lituluke m'chitaganya, ndipo munthu aliyense wamkulu akhale ndi voti imodzi. Anaumiriranso kuti a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, amene ankaimira Nyasaland ku Salisbury, atule pansi maudindo awo, poti kukhala m'nyumba imeneyo kunali ngati kuvomereza chitaganyacho. Awiriwa atakana, Congress inawachotsa m'chipani mu 1957.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chimene chinatembenuza mbiri ya dziko lino. A Chipembere ndi anzawo anaona kuti anthu akumudzi sangatsate anyamata, amafuna munthu wachikulire, wophunzira, woti azungu nawo amuope. Anayamba kulembera makalata Dr Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo anali ku Ghana, kuwapempha kuti abwere kumudzi, ndipo anawalonjeza kuti adzawakweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi. Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 July 1958. Mwezi wotsatirawo, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress napatsidwa mphamvu zosankha okha komiti yawo yonse. A Chipembere anakhala msungichuma wamkulu. Taonani bwino pamenepa, abale anga: anyamata amene ankadana ndi mphamvu zopanda malire za bwanamkubwa anapereka mphamvu zopanda malire kwa mtsogoleri wawo, poganiza kuti ndi za pankhondo chabe, zidzabwezedwa ufulu ukadzabwera. Mphamvu sibwerekedwa ngati khasu.

Pa 3 March 1959 boma linalengeza kuti zinthu zafika poipa m'dziko, ndipo linagwira atsogoleri a Congress. A Chipembere anatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda ndi abale awiri aja, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza. Anatuluka mu September 1960, koma sipanapite miyezi yambiri anamangidwanso chifukwa cha mawu amoto amene anayankhula pa msonkhano ku Rumphi, nalamulidwa kukhala kundende zaka 3. Chisankho cha 1961 chinawapeza ali m'ndende ya Zomba, ndipo mpando wa Fort Johnston anaugwirizira ndi bambo awo. Anatuluka mu January 1963 nakhala nduna, poyamba ya maboma aang'ono, kenaka ya maphunziro. Pa 31 December chaka chomwecho chitaganya chinaikidwa m'manda.

Tisawapake mafuta mopitirira. A Chipembere a masiku amenewo anali munthu wa lilime lakuthwa, wosapirira otsutsa, ndipo ankakhulupirira ngati anzawo ambiri kuti chipani chimodzi ndicho chingamange dziko. Pamene zipani zing'onozing'ono zinkaopsezedwa, nduna za Malawi Congress Party sizinaone vuto. Chikwapu chimawawa chikafika pamsana pako.

Chinafikadi. Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zinayamba kudandaula kwa nduna yaikulu. Zinkakana tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira m'zipatala, zinkakana lipoti la Skinner limene linafinya ogwira ntchito m'boma akuda, zinkafunsa chifukwa chimene azungu ankapitirizira kukhala m'maudindo akuluakulu, ndiponso sizinkafuna ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi boma la tsankho la South Africa. Koma pansi pa zonsezi panali funso limodzi la malamulo oyendetsera dziko: kodi nduna ndi anzake a mtsogoleri oti aziganiza naye limodzi, kapena ndi anyamata ake ongotumidwa? Malamulo amene tinalandira pa ufulu ankati boma ndi la nduna zonse pamodzi, zoyankha ku Nyumba ya Malamulo. Dr Banda ankaona mwina.

Pa 7 September 1964 Dr Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo. Zonsezi zinkachitika a Chipembere ali ku Canada ku msonkhano wa maphunziro. Iwo sanachotsedwe, ndipo akanafuna akanakhala chete n'kusunga galimoto ndi nyumba ya boma. Koma atafika anatula pansi unduna pa 9 September, nakakhala pa mipando ya kumbuyo m'Nyumba ya Malamulo, n'kufotokoza mwaulemu kuti kudzudzula mtsogoleri si kuukira. Aphungu sanamve zimenezo. Anaimika manja kuti ali pambuyo pa Ngwazi, ndipo tsiku limenelo Nyumba ya Malamulo inadzivula yokha mphamvu zake. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma kuyambira pamenepo wotsina khutu anasanduka chigawenga.

Anzawo anathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. A Chipembere anabwerera ku Malindi, kumene boma linawalamula kuti asapitirire mamailosi 4 kuchoka pakhomo pawo. Mu October anazemba nalowa m'mapiri a kuvuma kwa nyanja, kumene anthu a m'midzi ankawabisa ndi kuwadyetsa. Usiku wa pa 12 February 1965, ndi anthu pafupifupi 200, analanda boma la Fort Johnston, natenga mfuti, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, asilikali a boma akubwera. Nkhondo inathera pomwepo.

Kodi anachita bwino kunyamula mfuti? Ena amati njira zonse za malamulo zinali zitatsekedwa. Ena amati anapatsa Dr Banda chifukwa chimene ankachifuna chomangira dziko lonse unyolo. Chodziwika n'chakuti amene analipira ndi anthu wamba a ku Mangochi: midzi inatenthedwa, anthu ambirimbiri anatsekeredwa popanda mlandu, a Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba mu 1966, ndipo kwa zaka zambiri kuchokera ku Malindi kunali ngati mlandu pakokha. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala pulezidenti wamuyaya.

A Chipembere, amene ankadwala matenda a shuga, anatulutsidwa m'dziko mwakachetechete mu April 1965 kupita ku America. Anakhalako ku Dar es Salaam, akuphunzitsa pa Kivukoni College, kenaka anabwerera ku Los Angeles kukaphunzitsa pa yunivesite. Anamwalira konko pa 24 September 1975 ali ndi zaka 45, osaionanso nyanja ya kwawo. Mayi Catherine Chipembere ndiwo anabwerera matipate atafika, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu.

Tsono ife tikutolapo chiyani? Pa referendamu ya pa 14 June 1993 Amalawi anakana chipani chimodzi, ndipo malamulo a 1994 anagawa mphamvu patatu, boma, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti, n'kuika malire akuti pulezidenti asapitirire materemu awiri. Mpanda umenewu wayesedwa kangapo. Unalimba mu 2002 pamene aphungu anakana kuchotsa malire a materemu, unalimbanso pa 3 February 2020 pamene khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Koma pena unagumuka: lamulo lolola anthu kuchotsa phungu wawo linafufutidwa mu 1995, nyumba ya Senate inathetsedwa mu 2001 isanakhale n'komwe, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linayenda popanda makhansala. Nkhani ya boma la zigawo nayo imabukabuka, makamaka kumpoto, ndipo ena akangoimva amakumbuka za Welensky n'kutseka makutu. Iyayi, tiyeni tiikambirane, koma muyeso wake ukhale womwe uja a Chipembere anayesera chitaganya cha 1953: kodi eni dziko afunsidwa, ndipo avomera?

Phunziro linalo ndi lowawa, poti analiphunzira mochedwa mwini wakeyo. Malire a mphamvu amaikidwa pamene mtsogoleri akadali wokondedwa, tikumuvinira ndi kumuimbira, osati atayamba kuluma. Inu a chipani cholamula, inu otsutsa amene mukuyembekeza kulamula mawa, musapatse mtsogoleri wanu ndodo imene simungafune kuti mdani wanu aigwire. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala wa dokotala.