Valery Legasov: ankadziwa zonse, ananena theka

Abale anzanga, mukamatsutsana zoti magetsi a nyukiliya ndi abwino kapena ndi oopsa, muzikumbukako dzina la Valery Legasov. Ife kuno malo opangira magetsi oterewa tilibe, koma uranium wa ku Kayelekera ku Karonga anayamba kukumbidwa mu 2009, ndiye nkhaniyi si ya azungu okha ayi.

Mkuluyu anabadwira ku Tula, m'dziko la Soviet Union, mu 1936. Anali katswiri wa sayansi, wachiwiri kwa mkulu wa Kurchatov Institute ku Moscow, komanso membala wokhulupirika wa chipani. Sanali woukira boma.

Pa 26 April 1986 ng'anjo yachinayi ya ku Chernobyl itaphulika, boma linamutumiza komweko tsiku lomwelo. Analimbikira nawo kuti anthu pafupifupi 49,000 a m'tauni ya Pripyat asamutsidwe, koma mabasi anawanyamula patapita maola 36. Kenaka anasamutsa onse okhala pa mtunda wa makilomita 30 kuzungulira malowo. Tayerekezani mwakhoma chikhomo pabwalo la ndege la Chileka n'kukoka chingwe chotalika choncho: Lunzu, Lirangwe, Ndirande, mpaka Limbe ndi maokala ake omwe, konseko mabwinja okhaokha.

Mu August chaka chomwecho analankhula maola asanu ku Vienna, pamsonkhano wa bungwe la IAEA. Azungu anamutama kuti sanabise. Komatu mlandu waukulu anaukankhira kwa anyamata amene anali pantchito usiku umenewo. Zoti ndodo zozimitsira ng'anjoyo zinali ndi vuto, lomwe linaoneka kale ku Ignalina mu 1983, sanazitsindike. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa mmene pakamwa pamaumira ukamalankhula m'malo mwa boma.

Mpaka lero anthu akulimbana pa chiwerengero. Anthu 30 anafa m'miyezi yoyambirira. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2005 linati imfa zikhoza kudzafika 4,000, pamene a Greenpeace amati n'zochuluka koposa apo. Ine ndimadabwa ndi amene amangosankhapo nambala yowakomera basi.

Legasov zinamudya mumtima. Thanzi linafooka, anzake anamusala, ndipo anajambula pa makaseti zomwe anasiya kunena. Pa 27 April 1988 anadzikhweza kunyumba kwake ku Moscow. Mu 1992 akatswiri a IAEA anavomera kuti kapangidwe ka ng'anjoyo kanali kolakwika, ndipo mu 1996 Boris Yeltsin anamupatsa ulemu wa ngwazi ya Russia, mwini wake atagona m'manda zaka zisanu ndi zitatu.