KAKULI WA KU MALAMBO: MBIRI YA NORMAN CARR

Caka ciri conse, mvula ikatha ndipo njira za ku Malambo zikauma, alendo ambiri amafika m'cigwa ca Luangwa atakoleka makamera m'khosi. Ambiri a iwo si akatswiri a nchito yojambula ai, koma anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi nkhalamba zopuma pa nchito. Amalipira ndalama zambiri, koma pobwerera kwao satenga nyanga, cikopa kapena cidutswa ca nyama. Atenga zithunzi zokha, ndipo nyama zimene anaziona zimatsala zamoyo. Mwambo umenewu unayamba ndi mlenje wa njobvu, Bambo Norman Carr, pamodzi ndi Mfumu Nsefu ya Akunda.

A Norman Joseph Carr anabadwa pa 19 July, 1912 ku Chinde, doko la kumatsiriro a mtsinje wa Zambezi m'dziko la Mozambique, pa nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi. Makolo ao anali Angerezi, ndipo anawatumiza ku England kukaphunzira sukulu. Atatsiriza maphunziro anabwerera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo mtima wao wonse unali pa uzimba. Olemba mbiri yao amanena kuti pokwanitsa zaka 20 anali atagwetsa kale njobvu 50.

Masiku amenewo mzungu wofuna cikumbutso ca nyama anali kuipha. Anthu a ku Petauke ali naco citsanzo capafupi. Harry Thornicroft, amene anali mkulu wa boma la atsamunda ku Petauke, anawombera nyamalikiti wa m'cigwa ca Luangwa natumiza cikopa cake ku nyumba yosungira zinthu zakale ku London. Mu 1911 akatswiri a kumeneko anaucha mtundu wa nyamalikitiyo dzina la Thornicroft, ndipo mtunduwo supezeka kwina kuli konse koma ku Luangwa. A Carr anakulira m'maganizo otere, ndipo pa unyamata wao sanaone colakwa m'menemo.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Northern Rhodesia linawalemba nchito yopha njobvu zoononga minda m'cigwa ca Luangwa. Mlimi ali yense wa kufupi ndi Malambo adziwa cimene gulu la njobvu lingacite usiku umodzi m'munda wa mapira kapena wa cimanga: thukuta la dzinja lonse limatha tambala asanalire. Nchito imeneyi inawayendetsa pansi mudzi ndi mudzi, pamodzi ndi amtengatenga ndi akatswiri olondola mapazi a nyama. Anaona ndi maso ao njala imene njobvu zimasiya, naonanso mkwiyo wa eni dziko, pakuti mu 1938 boma linapatula zigawo zazikulu za cigwaco kukhala nkhalango zoletsedwa. Munthu wa kumudzi analetsedwa kusaka kumene makolo ake anali kusaka, koma phindu la kuletsako sanalione.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse a Carr analowa gulu la asilikali a King's African Rifles, nafika pa udindo wa kaputeni. Nkhondo itatha anabwerera ku nchito yoyang'anira nyama za m'thengo, ndipo apa ndi pamene maganizo ao anakhwima. Anazindikira kuti malamulo ndi ndende sizingasunge nyama ngati anthu okhala nazo aziona monga adani okhaokha.

Mu 1950 anakambirana ndi Mfumu Nsefu, ndipo mfumuyo inabvomera kupatula mbali ya dziko lake, kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, kuti nyama za kumeneko zisaphedwe. Pa malowo anamanga msasa wa alendo, woyamba wa mtundu wake m'dziko lino. Pangano linali lakuti alendo abwere kudzaona nyama ndi kuzijambula, ndipo ndalama zimene alipira zilowe m'thumba la ufumu wa Akunda. Timanyumba tozungulira ta njerwa ta msasa wa Nsefu tikali ciimire mpaka lero.

Masamu a panganolo mlimi sangabvutike nao. Mkango wophedwa upereka cikopa cimodzi, ndipo nkhani yathera pomwepo. Mkango wamoyo ungajambulidwe lero, mawa ndi caka camawa, ndipo mlendo ali yense woujambula asiya ndalama, adya cakudya cophikidwa ndi mwana wa pamudzi, nagona m'nyumba yofoleredwa ndi udzu umene amai a pamudzi anamweta. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kakanapanda kumeta kanthu mfumu ikanakana kupereka dziko.

Mu 1957 a Carr anali woyang'anira nkhalango ya Kafue. Kumeneko analera ana awiri a mkango amene mai wao anaphedwa, nawacha maina akuti Big Boy ndi Little Boy. Anasamuka nayo mikangoyo kunka ku Luangwa, naiphunzitsa kudzisakira yokha, ndipo itakula anaimasula kumpoto kwa cigwa. Nkhani imeneyi anailemba m'buku lochedwa Return to the Wild, limene linasindikizidwa mu 1962. Zithunzi za munthu woyenda m'thengo pamodzi ndi mikango iwiri zinamveketsa dzina la Luangwa ku maiko akutali.

Atasiya nchito ya boma, m'zaka za m'ma 1960, anayambitsa cinthu cimene achuka naco koposa: kuyenda pansi ndi alendo pakati pa nyama. Kayendedwe kake nkofanana mpaka lero. Patsogolo pamakhala msilikali wa nyama ndi mfuti yongotetezera, pambuyo pake wotsogolera alendo, kenaka alendo pa mzere umodzi, ndipo kumapeto mnyamata wonyamula madzi ndi tiyi. Ulendo umayamba mbandakuca, dzuwa lisanapse, pamene nyama zikali kudya ndipo kuwala nkofewa.

Pa ulendo wotere nzeru zonse za mlenje zimagwira nchito, kupatula kukoka mfuti. Wojambula ayenera kudziwa kumene mphepo icokera, pakuti njobvu siona patali koma imva pfungo la munthu msanga. Ayenera kuwerenga mapazi, kuzindikira ndowe za lero ndi za dzulo, ndi kumvetsera anyani akamabwebweta pamtengo cifukwa ca nyalugwe. Ayeneranso kuima dzuwa liri kumsana kwake, kuti nkhope ya nyama ioneke bwino. Koposa zonse ayenera kudikira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Woyenda pansi amaona ndi zazing'ono zomwe, zimene wa pa galimoto amazipitirira: nyerere zosenza cakudya, maluwa a mvunguti ogwera pansi amene nswala zimatola, ndi mbalame zofiira zimene zimaboola zisa m'magombe a mtsinje mu September ndi October.

Si kuti a Carr anataya mfuti kotheratu. Kwa zaka zingapo anali ndi kampani yoperekeza alenje olipira, ndipo anakhulupirira kuti uzimba wotsata malamulo uli ndi malo ake. Cimene anakana ndi kupha kopanda muyeso, ndiponso kuti phindu la nyama lipite kutali kusiya eni dziko manja ali m'khosi.

Nkhalango ya South Luangwa inakhazikitsidwa monga paki ya dziko lonse mu 1972, koma zaka zotsatira zinali zowawa. Mtengo wa minyanga ya njobvu ndi nyanga za cipembere unakwera ku maiko akunja, ndipo opha nyama mobisa analowa m'cigwa ndi mfuti za nkhondo. Mu 1979 a Carr ndi anzao anayambitsa bungwe la Save the Rhino Trust lotumiza asilikali a nyama kukalondera m'thengo. Nkhondo imeneyi sanapambane. Mu 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia, ndipo mu 2003 zipembere zisanu zinacita kubweretsedwa kucokera ku South Africa kukaikidwa ku North Luangwa. Mwana wa ku Mfuwe wofuna kudziwa maonekedwe a zipembere zimene agogo ake anali kukumana nazo ku South Luangwa angazione pa zithunzi zokha, zambiri mwa izo zojambulidwa ndi alendo wamba.

Pa ukalamba wao a Carr anakhazikika pa Kapani, pafupi ndi Mfuwe, pamene anamanga malo ogona alendo. Mu 1986 anayambitsa thumba lolipirira sukulu ana a m'deralo, pokhulupirira kuti mwana wophunzira ndi ndalama zocokera ku nyama sadzakula ndi mtima wozitha. Analembanso mabuku ena, monga The White Impala mu 1969 ndi Valley of the Elephants mu 1979. Anthu a m'cigwa anawacha Kakuli, ndiko kuti njati yamphongo yokalamba imene yasiya gulu, ndipo dzina limeneli ndilo mutu wa buku lao lotsiriza. Anamwalira pa 1 April, 1997 ali ndi zaka 84.

Ganizo limene anapangana ndi Mfumu Nsefu linalowa m'malamulo a dziko. Lamulo la za nyama la mu 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi olandira gawo la ndalama zocokera ku nyama m'madera ozungulira nkhalango, ndipo madera otere alipo kwa Mfumu Sandwe ndi kwa mafumu a ku Nyimba. Kamera nayo, imene kale inali cuma ca azungu okha, lero iri m'foni ya mnyamata wa ku Kaumbwe, ndipo angajambule nayo ng'ombe pa dambo, amai popeta mapira, kapena phazi la njobvu m'munda wa atate ake kuti akaonetse akuluakulu a boma.

Njobvu zikali kulowa m'minda, ndipo madandaulo a alimi sanathe. Muyeso umene a Carr anasiya ndi womwe uja wa mu 1950: kusunga nyama kumakhazikika pokhapo pamene ndalama ya mlendo wojambula ifika m'manja mwa munthu amene amagona ku msasa wa kumunda kupirikitsa njobvu usiku.