JAMES AGGREY: MPHUNZITSI WAMKULU AMENE ADABWERERA PA BENCHI

M'chaka cha 1898, mumzinda wa Cape Coast m'dziko la Gold Coast, limene lero likutchedwa Ghana, mudali mnyamata wa zaka zosakwana 23 amene adali atakwezedwa kale kukhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni ya Wesleyan. Pa masiku amenewo udindo wotere udali waulemu kwambiri kwa munthu wakuda, ndipo ambiri akadaufikira akadakhazika mtima pansi. Koma mwezi wa Julaye chaka chomwecho mnyamatayo adatula pansi udindowo, nakwera sitima ya pamadzi kupita ku America kukakhalanso mwana wa sukulu. Dzina lake lidali James Emman Kwegyir Aggrey. Mbiri yake ikuyankha mafunso awiri amene mphunzitsi aliyense wolakalaka kutsogolera sukulu ayenera kudzifunsa: kodi luso la m'kalasi lokha ndi lokwanira kuyendetsera sukulu, nanga sukuluyo ikayendetsedwa bwino, ipindulire ana a yani?

Aggrey adabadwa pa 18 Okutobala 1875 ku Anomabu, m'mbali mwa nyanja ya mchere, pakati pa anthu a mtundu wa Fante. Bambo wake, Kodwo Kwegyir, adali nduna yolankhulira mfumu pabwalo, ntchito yofuna munthu wodziwa kuika mawu m'malo mwake ndi kuyanjanitsa anthu obwera ndi mkwiyo. Luso limeneli lidadzaonekera mwa mwana wake. Mnyamatayo adabatizidwa mu 1883, nalowa sukulu ya Wesleyan ku Cape Coast. Ali ndi zaka 15 zokha adatumizidwa ku Abura Dunkwa kukaphunzitsa anyamata oposa 30, iye yekha, popanda mphunzitsi wina womuwongolera. Atabwerera ku Cape Coast adalemba mayeso a uphunzitsi motsatizana, napambana, kufikira adapatsidwa sukulu yonse m'manja mwake.

Koma udindowo udali ndi malire ake. Mphunzitsi wamkulu wachikuda ankayang'anira kaundula wa ana, nthawi ya maphunziro ndi mwambo wa pa sukulu, pamene nkhani zazikulu, monga zoyenera kuphunzitsidwa, kumene sukulu zimangidwe ndi kumene ndalama zipite, kawirikawiri zinkagamulidwa ndi Azungu a mishoni ndi a boma. Kuti munthu wakuda akhale nawo pa zokambirana zoterezi, adafunika maphunziro oti wina aliyense asawapeputse. Motero pamene Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa African Methodist Episcopal Zion adamupatsa mwayi wokaphunzira ku America, Aggrey sadazengereze.

Adafikira pa Livingstone College mumzinda wa Salisbury, m'chigawo cha North Carolina, koleji ya anthu akuda yotchedwa ndi dzina la David Livingstone. Adalandira digiri yake yoyamba mu 1902, ndipo kolejiyo idamulemba ntchito ya uphunzitsi, namupatsanso udindo wa mlembi woona za kaundula ndi za chuma. Apa mpamene adadziwira mbali ya sukulu imene mphunzitsi wa m'kalasi saiona: fizi ya ana osauka, ngongole za koleji, ndi malipiro a antchito. Mu 1905 adakwatira Rose Douglass, mphunzitsi mnzake, ndipo adabereka ana anayi. Mu 1912 adalandira digiri yachiwiri pa Livingstone pomwepo, ndi ina ya udokotala wa zaumulungu pa Hood Theological Seminary, kumene kudachokera dzina loti Dr. Aggrey.

Sukulu ina yaikulu adaipeza kumudzi. Kuyambira mu 1914 adali mbusa wa mipingo iwiri ing'onoing'ono, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge, kumene akhristu ambiri adali alimi osauka, zidzukulu za akapolo, olima m'minda ya eni ndi omangika ndi ngongole. Malamulo a kumwera kwa America pa nthawiyo ankalekanitsa akuda ndi oyera m'sukulu, ndipo sukulu za akuda ndizo zinkalandira zochepa. Aggrey adaona kuti ulaliki wa Lamulungu sungathe wokha kuchotsa njala ya Lolemba. Adalimbikitsa anthuwo kusunga ndalama pamodzi ndi kubwereketsana, kugula malo awoawo, kulima mwanzeru ndi kutumiza ana ku sukulu. Kumeneko adatsimikiza mfundo imene adaigwiritsa moyo wake wonse, yakuti mwana sasiya umphawi wa kwawo pakhomo la kalasi, ndipo woyendetsa sukulu amene sadziwa kumene ana ake amagona ndi chimene amadya akuyenda mumdima.

Nthawi ya tchuthi, anzake akupumula, iye ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku New York kukaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Columbia. Kumeneko kudali Teachers College, imene pa zaka zimenezo idali yotchuka pophunzitsa aphunzitsi odziwa kale ntchito kuti akakhale akuluakulu a sukulu ndi oyendera sukulu. Aggrey adaphunzira za kaphunzitsidwe, za maganizo a munthu, ndi za kakhalidwe ka anthu m'magulu awo, phunziro lotsirizali pansi pa Profesa Franklin Giddings. Maphunziro oterewa amasiyana ndi a koleji ya uphunzitsi. Ku koleji munthu amaphunzira kuphunzitsa kalasi imene wapatsidwa. Kuno amaphunzira kufufuza dera lonse, kuwerenga ana amene ali pa sukulu ndi amene adatsala kunyumba, kufunsa chifukwa chake, ndi kukonza sukulu molingana ndi zimene wapeza. Zimene adaziona ndi maso ku Miller's Chapel adazipezera njira yozifotokozera pamaso pa anthu ophunzira ndi olamula.

Njirayo sidali yosalala. Mu 1917 mpando wa mkulu wa Livingstone College udasowa munthu, koma ngakhale Aggrey adali atatumikira kolejiyo zaka 15, udapatsidwa kwa wina. Iye sadasiye kuphunzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1922 Columbia idamupatsa digiri ya M.A., ndipo mu 1923 adapambana mayeso a digiri ya Ph.D., kungotsala buku la kafukufuku wake.

Pakati pa zaka zimenezi, mu 1920, bungwe la Phelps-Stokes Fund lidatumiza gulu la akatswiri kudzafufuza za maphunziro mu Africa, motsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones. Aggrey ndiye yekha adali mbadwa ya Africa m'gululo. Ulendo woyamba, wa 1920 mpaka 1921, udadzera m'maiko a kuzambwe kwa Africa kufikira ku South Africa. M'sitima ndi m'nyumba zogona alendo adakumana ndi tsankho kambirimbiri, koma kulikonse kumene adaima kuti alankhule, anthu akuda ndi oyera omwe ankadzaza nyumba. Ku Johannesburg iye ndi Jones adathandiza kuyambitsa mabwalo okambirana pakati pa mitundu iwiriyi. Mmodzi mwa amene adamumva kumeneko adali mnyamata wochokera ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene adapita kukaphunzira ku America mu 1925.

Ulendo wachiwiri, wa 1924, udadzera kuvuma ndi pakati pa Africa, nufika ku Nyasaland. Gululo lidapeza kuti sukulu zidali m'manja mwa mishoni, boma lidalibe ngakhale dipatimenti ya maphunziro, ndipo aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi ankagwira ntchito popanda wowathandiza, monga momwe Aggrey adachitira ku Abura Dunkwa ali mwana. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kudatsegulidwa Jeanes Training Centre ku Domasi, m'boma la Zomba. Dzinali lidachokera kwa mayi Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 adapereka madola 1,000,000 othandizira sukulu za anthu akuda a m'midzi ya ku America. Ku Domasi kunkabwera aphunzitsi odziwa kale ntchito pamodzi ndi akazi awo, naphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi ndi kuwongolera aphunzitsi anzawo. Maganizo ake adali akuti wotsogolera aphunzitsi ayenera maphunziro akeake.

Si onse adakondwera ndi ntchito ya gululi. W. E. B. Du Bois, mtsogoleri wophunzira wa anthu akuda ku America, adatsutsa maganizo a Jones kuti ankakometsa maphunziro a zamanja ndi zaulimi pofuna kuti munthu wakuda akhale wantchito wa Mzungu mpaka kalekale. Enanso ankaona Aggrey ngati wofatsa mopitirira muyeso pamaso pa atsamunda. Dandauloli lidali ndi maziko, pakuti maboma ena adagwiritsadi ntchito malipoti a gululi pochedwetsa sukulu za sekondale. Chimene Aggrey mwini wake ankafuna chidaoneka bwino atapatsidwa sukulu yoti ayendetse nawo.

Bwanamkubwa wa Gold Coast, Sir Gordon Guggisberg, adaganiza zomanga sukulu yaikulu pa phiri la Achimota pafupi ndi Accra, naitana Mbusa Alexander Fraser, amene adayendetsa Trinity College ku Kandy m'dziko la Ceylon, kuti akhale mkulu wake. Fraser adafuna kuti Aggrey akhale mmodzi wa omuthandiza. Awiriwa adafika ku Accra mu Okutobala 1924, Aggrey ali ndi udindo wa wothandiza wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, ndipo pakati pa aphunzitsi oyambawo wakuda adali iye yekha. Pamene akuluakulu ena a boma adafuna kuti agone kwina, kutali ndi anzake oyera, Fraser adakana, ndipo onse adakhala pamodzi.

Ntchito yoyamba ya Aggrey idali yovuta koposa. Anthu ambiri ophunzira a m'dzikomo ankakayikira sukuluyo, poopa kuti boma likubweretsa maphunziro otsika okonzera anthu akuda okha. Iye adayendera dziko lonse, kulankhula ndi mafumu, makolo, aphunzitsi ndi mipingo, kufotokoza kuti Achimota idzayambira pa ana a mkaka ndi kukafika pa maphunziro a ukachenjede, ndi kuti idzaphunzitsa sayansi ndi mabuku a kunja pamodzi ndi zilankhulo, mbiri ndi miyambo ya eni dziko. Kwa iye khasu ndi buku sizidali zoti mwana wakuda asankhepo chimodzi. Adafuna kuti mutu, manja ndi mtima ziphunzitsidwe pamodzi, ndi kuti chimene chili chabwino kwa mwana wa Mzungu chisamanidwe mwana wa Africa.

Adalimbikiranso za atsikana. Pa nthawi imene makolo ambiri ankatumiza anyamata okha ku sukulu, iye adaumirira kuti Achimota ilandire anyamata ndi atsikana limodzi, chifukwa maphunziro a mwana wamkazi amafikira banja lonse limene adzalere. Maganizowa adapambana. Za ubale wa mitundu ankaphunzitsa ndi fanizo la limba la piyano, kuti makiyi oyera okha kapena akuda okha amatulutsa nyimbo yopereŵera, koma nyimbo yokoma imafuna onse awiri. Chizindikiro cha sukuluyo chidajambulidwa ndi makiyi akuda ndi oyera chifukwa cha fanizoli. Achimota idatsegulidwa mwamwambo pa 28 Januwale 1927. Mmodzi mwa achinyamata ophunzira uphunzitsi amene adakopeka ndi Aggrey pa zaka zimenezi adali Kwame Nkrumah, amene adatsogolera Ghana pa ufulu wake mu 1957.

Chinthu chimodzi chidali chikumusowetsabe mtendere, ndicho buku lake la kafukufuku. Mu Meyi 1927 adatenga tchuthi napita ku America kukaona banja lake ndi kukatsiriza bukulo. Ali ku New York adadwala mwadzidzidzi matenda oumitsa khosi, namwalira m'chipatala cha Harlem pa 30 Julaye 1927, ali ndi zaka 51. Adaikidwa m'manda ku Salisbury. Digiri imene adaivutikira zaka zambiri sadailandire, ndipo mpando wa mkulu wa koleji sadaukhalepo, ngakhale ku Livingstone kapena ku Achimota.

Komabe ntchito yake idapitirira. Pa malo a Achimota mpamene padayambira University College of the Gold Coast mu 1948. Ku Cape Coast kudakhazikitsidwa sukulu ya sekondale yokumbukira dzina lake mu 1940, ndipo makolo ambiri ku Kenya, Uganda, Zambia ndi Malawi adatcha ana awo aamuna dzina loti Aggrey. Mwana wake wotsiriza, Orison Rudolph Aggrey, adadzakhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania.

Mphunzitsi amene akuyembekeza kukwezedwa angatolepo zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti zaka zambiri za choko m'manja sizilowa m'malo mwa maphunziro a utsogoleri, pakuti kuyendetsa sukulu kumafuna kudziwa za chuma, za aphunzitsi, za makolo ndi za dera lonse. Chachiwiri nchakuti maphunzirowo amayesedwa ndi mwana amene akadatsala kunja. Aggrey adaphunzira ku Columbia akudziwa ana a alimi a ku Sandy Ridge, ndipo atachokako adakatsegulira atsikana khomo la Achimota. Mphunzitsi wamkulu wophunzitsidwa motere, poyang'ana kaundula wa sukulu yake, amawerenga maina amene alembedwamo, kenaka nafunsa za ana a m'mudzimo amene maina awo mulibe.