Ernest Lawrence: Mwana wa Aphunzitsi Amene Adathamangitsa Tizidutswa ta Atomu

Ernest Orlando Lawrence adabadwa pa 8 August 1901 m'kamzinda ka Canton, m'chigawo cha South Dakota ku America. Makolo ake onse aŵiri adali aphunzitsi. Poyamba mnyamatayo ankafuna ntchito ya udokotala, koma mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya South Dakota, dzina lake Lewis Akeley, adaona mphatso yake nam'kokera ku sayansi ya fizikisi. Atatsiriza maphunziro apamwamba ku Yale m'chaka cha 1925, adaphunzitsako pang'ono kumeneko, ndipo mu 1928 adasamukira ku yunivesite ya California ku Berkeley.

Masiku amenewo akatswiri ankafunitsitsa kuswa phata la atomu kuti adziŵe zam'kati mwake. Pofuna kutero, padafunika kuliwomba ndi tizidutswa tina, monga mapulotoni, tothamanga koopsa. Liŵiro lotere linkalira mphamvu ya magetsi ya mavoliti mamiliyoni, koma makina a nthaŵiyo sankatha kuipirira. Moto unkangothetheka ngati mphezi.

Tsiku lina mu 1929, ali m'nyumba yoŵerengeramo mabuku, Lawrence adapeza nkhani ya injiniya wa ku Norway, Rolf Widerøe. Nkhaniyo idalembedwa m'Chijeremani, chilankhulo chimene iye sankachidziŵa bwino, kotero adangopenyetsetsa zithunzi zake. Zithunzizo zidamuuza mfundo yonse: m'malo mokankha kachidutswa kamodzi n'kamodzi ndi mphamvu yaikulu, nkotheka kukakankha pang'onopang'ono kambirimbiri. Vuto lidali lakuti njira yowongoka ya Widerøe ikadatalika kopitirira muyeso. Tsono Lawrence adaganiza zoipinda njirayo ndi maginito, kuti kachidutswako kazizungulira nkumabwerera pomwe kakankhidwira.

Chinsinsi chake nchofanana ndi cha katungwe. Kaya katungwe apite patali kaya pafupi, nthaŵi yopita ndi kubwera imakhala pafupifupi yomweyo, ndipo wokankha amangosunga kugunda kumodzi. M'makina a Lawrence, otchedwa cyclotron, kachidutswa kakawonjeza liŵiro, bwalo lake limakula, koma nthaŵi yozungulira kamodzi sisintha. Motero magetsi osinthasintha pa kugunda kumodzimodzi amakakankha kaŵiri pa ulendo uliwonse, mpaka katulukira m'mphepete ndi mphamvu yochuluka.

Mu January 1931 wophunzira wake, Stanley Livingston, adayendetsa cyclotron yokwana m'dzanja, ya mainchesi osakwana 5. Ndi mavoliti osakwana 2,000 adapeza mphamvu yofanana ndi ya mavoliti 80,000. Pambuyo pake makina a mainchesi 11 adapyola miliyoni imodzi. Mng'ono wake John, amene adali dokotala, adayamba kuchiza matenda ena a magazi ndi mankhwala opangidwa m'makinawo. Mu 1939 Lawrence adalandira mphoto ya Nobel.

Komabe mbiri yake ili ndi mbali yolemera. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse adasandutsa nzeru yomweyo kukhala makina opatulira yureniyamu ku Oak Ridge, ndipo yureniyamu imeneyo idaloŵa m'bomba limene lidawononga Hiroshima mu 1945. Mu July 1958 adatumidwa ku Geneva ku zokambirana za njira zoletsera kuyesa mabomba otere. Kumeneko matenda ake a m'matumbo adakula, ndipo adamwalira ku Palo Alto pa 27 August 1958, ali ndi zaka 57 zokha.

Mbewu imene adadzala idakula ndithu. Ku CERN, m'malire a Switzerland ndi France, kuli makina a Large Hadron Collider amene bwalo lake ndi la makilomita 27. M'menemo mudapezeka kachidutswa ka Higgs mu 2012. Ku iThemba LABS, pafupi ndi Cape Town, cyclotron yaikulu idayamba kuchiza khansa ndi mapulotoni mu 1993. Makina owongoka, abale ake a cyclotron, ndiwo amawotcha khansa m'zipatala zambiri, ndipo adaikidwanso ku Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka imene idatsegulidwa mu 2007.

Nanga mbiriyi ikukukhudzani bwanji inu amene mukukonzekera uphunzitsi? Ena mwa inu mudzatumizidwa ku madera monga kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje, kumene munthu amafika pa bwato ndipo madzi osefukira amawononga ngakhale mabuku ochepa amene alipo. Ana ambiri kumeneko amalankhula Chisena kunyumba, ndipo mawu a m'buku la sayansi ndi achilendo kwa iwo monga momwe Chijeremani chidaliri kwa Lawrence. Chimene mawu alephera kufotokoza, chithunzi chojambulidwa mosamala pa bolodi, ngakhale pa mchenga, chingathe kufotokoza.

Mfundo ya cyclotron nayonso siilira chipinda cha sayansi. Mangani miyala iŵiri ku zingwe zotalika mofanana, nimuzipachike pa nthambi. Mwala wina muukokere patali pang'ono, wina pafupi, ndipo muisiye nthaŵi imodzi. Ana aŵerenge maulendo 10 a mwala uliwonse, naona okha kuti ikuyendera pamodzi. Kenaka mwana mmodzi aukankhe mwala ndi chala chokha, poyamba pa nthaŵi yake, pambuyo pake mosokoneza, ndipo anzake afotokoze m'mawu awoawo chifukwa chake kukankha koyamba kukuukweza pamene kwachiŵiri kukuuimitsa. Mwana amene wayankha funso limeneli wagwira mfundo yomwe ija imene Lawrence adaigwira mu 1929.