Mayi Senda Berenson, Mphunzitsi Amene Anagaŵa Bwalo Patatu

Mphunzitsi aliyense amene anaimikapo atsikana pa bwalo la ntchemberembaye, kaya ku Songani kaya ku Domasi, amalidziŵa vuto ili: ana aŵiri kapena atatu ataliatali ndi aliŵiro amafuna mpira wonse ukhale wao, pamene anzao angoti chilili ngati zitsa. Vuto lomweli linasautsa Mayi Senda Berenson, ndipo mizere iŵiri imene timathira laimu kapena phulusa podula bwalo patatu ndi mbali ya yankho lao.

Mayiŵa anabadwira ku Lithuania m'chaka cha 1868, m'banja lachiyuda, ndipo anasamukira ku Boston m'dziko la America ali ndi zaka 7. Anakula odwaladwala. Msana unkawasautsa kotero kuti analeka maphunziro a piyano. M'chaka cha 1890 analoŵa sukulu ya aphunzitsi ya Boston Normal School of Gymnastics, kumene maseŵera olimbitsa thupi anawabwezera mphamvu pang'onopang'ono. Tisaiŵale mfundo imeneyi: iwo anafika pa bwalo ngati munthu wofooka, osati ngati katswiri.

M'chaka cha 1892 anayamba ntchito pa Smith College, koleji ya akazi okhaokha ku Northampton. Pamenepo n'kuti James Naismith atangoyambitsa kumene maseŵera a basketball mu mzinda wa Springfield, chakufupi komweko. Mayi Berenson anawayesa ndi ophunzira ao, ndipo posakhalitsa anaona kuti amphamvu ndiwo ankathamanga bwalo lonse, nalanda mpira m'manja mwa anzao. Sanawakalipire akatswiriwo kapena kuwatulutsa, koma anasintha malamulo. Anagaŵa bwalo zigawo zitatu, woseŵera aliyense nakhala ndi chigawo chake chimene sanaloledwe kutulukamo. Analetsa kugwira mpira kupitirira masekondi 3, kuunjanjitsa pansi kupitirira katatu, ndi kuutsomphola m'manja mwa wina. Motero mwana waluso sakanathanso kugoletsa yekha. Kuti mpira uchoke mbali ina kufika mbali ina unayenera kudutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo wofooka uja anasanduka wofunika kwa katswiri.

Mpikisano woyamba pa kolejiyo unachitika m'mwezi wa Malichi, 1893, pakati pa ophunzira a chaka choyamba ndi a chaka chachiŵiri, ndipo amuna sanaloledwe kuonerera. Malamulo a basketball ya akazi anasindikizidwa m'chaka cha 1901, iwo ali mkonzi wake, udindo umene anaugwira kufikira 1917. Ku Mangalande maseŵera a akazi omweŵa anasinthidwanso pa koleji ya aphunzitsi ya Martina Bergman-Österberg ku Dartford, nasanduka ntchemberembaye imene tili nayo kuno.

Mipikisano ya pakati pa makoleji sankaikonda. Ankafuna kuti magulu a pa koleji imodzi azipikisana okhaokha, poopa kuti mphunzitsi wofuna chikho amasankha ana ochepa, naiŵala gulu lonse. Mphunzitsi amene ali ndi ana ambirimbiri ndi mpira umodzi angachite bwino kuilingalira mfundoyi asanasankhe timu ya sukulu.

Komabe si zonse zimene tingayamikire. Malamulo ao anatsamiranso pa chikhulupiriro cha masiku amenewo chakuti thupi la mkazi silingapirire liŵiro, ndipo mizere imene inateteza ofooka inamanganso miyendo ya aluso. Ku America anayamba kuifafaniza m'chaka cha 1938, ndipo pofika 1971 akazi analoledwa kuthamanga bwalo lonse, asanu mbali iliyonse. Kugaŵa bwalo n'kwabwino pophunzitsa gulu losakanikirana, koma mwana amene wakula pa luso ayeneranso kupatsidwa malo otambasukira.

Mayi Berenson anakwatiwa ndi Herbert Abbott m'chaka cha 1911, nachoka pa Smith College, koma anapitiriza kuphunzitsa atsikana pa sukulu ina ya mu mzinda womwewo kufikira 1921. Anamwalira ku Santa Barbara, California, m'chaka cha 1954. Mu 1985 dzina lao linalembedwa m'nyumba ya chikumbutso ya Basketball Hall of Fame ku Springfield, pamodzi ndi akazi ena aŵiri amene anali oyamba kulandira ulemuwo.