Eusébio: mnyamata wa ku Mafalala yemwe sanafunsidwe dziko loti alisewerere

Nthawi zonse mnyamata wa makolo a ku Africa akavala jezi ya dziko la ku Ulaya, pa Facebook pamabuka mkangano. Lamine Yamal atasankha Spain m'malo mwa Morocco, kwawo kwa bambo ake, ena anadandaula kuti wataya kwawo. Brahim Díaz atasiya Spain n'kupita ku Morocco mu 2024, omwewo anawomba m'manja. Kubanja la a Williams anachita kugawana: Iñaki ku Ghana, mng'ono wake Nico ku Spain. Ine ndikamawerenga makomenti amenewa ndimakumbukira munthu yemwe anabadwira kwa aneba athu ku Mozambique, n'kukakhala mfumu ya mpira ku Portugal, popanda womufunsa dziko lomwe mtima wake ukufuna. Dzina lake Eusébio da Silva Ferreira.

Anabadwa pa 25 January 1942 ku Mafalala, dera la anthu osauka mumzinda wa Lourenço Marques, womwe lero timati Maputo. Bambo ake, mzungu wobadwira ku Angola, ankagwira ntchito kunjanji ndipo anamwalira ndi kafumbata Eusébio ali ndi zaka 8. Amayi ake, a Elisa, anatsala okha ndi ana. Mpira anauphunzirira pafumbi, wopanda nsapato, akumenya chikulunga cha masokosi okutha ndi manyuzipepala. Timu yake ya m'dera inkatchedwa Os Brasileiros, potengera akatswiri a ku Brazil omwe anyamatawo ankawasirira.

Matimu akuluakulu a mumzindawo anali ngati nthambi za matimu a ku Lisbon. Eusébio ankakonda Desportivo, yomwe inali paubale ndi Benfica, koma atapita kukayesa mwayi anamubweza osamuonera n'komwe. Anakalowa Sporting ya ku Lourenço Marques, mwana wa Sporting ya ku Lisbon, ndipo kumeneko zigoli zinayamba kugwa ngati mvula.

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. José Carlos Bauer, yemwe anasewererapo Brazil, anamuona mnyamatayu ali paulendo ku Mozambique. Atafika ku Lisbon anakumana ndi kochi wa Benfica, Béla Guttmann, kometa tsitsi, n'kumutsina khutu. Benfica sinazengereze. Inakambirana ndi amayi ake, ndipo mu December 1960 Eusébio, wa zaka 18, anakwera ndege. Sporting inalusa, ikunena kuti mwanayo ndi wake. Poopa kuti amulanda, Benfica inkamutchula ndi dzina lachikazi, Ruth Malosso, m'mauthenga ake, ndipo inakamubisa kuhotela ina ku Lagos, tauni ya kumwera kwa Portugal (osati ya ku Nigeria ija), mpaka mkangano utazizira. Panatha miyezi asanaloledwe kusewera. Taganizirani mnyamata wongochoka kumene pakhomo pa amayi ake, ali m'nyengo yozizira kudziko lachilendo, akuluakulu akumulimbirana ngati mbuzi ya pamsika.

Atangololedwa, anaonetsa chomwe ankamulimbiranacho. Mu June 1961 ku Paris, Benfica ikuthambitsidwa ndi Santos ya Pelé, analowa kuchokera pabenchi n'kumwetsa zigoli zitatu. Mu October chaka chomwecho anavala jezi ya Portugal koyamba, pokumana ndi Luxembourg. Anagoletsa, ngakhale analuza 4-2.

Tsono funso lija la dziko. Eusébio analibe chosankha. Pamalamulo a Apwitikizi, Mozambique chinali chigawo chabe cha Portugal chakutsidya kwa nyanja. Timu ya Mambas kunalibe, mbendera kunalibe, mpando ku FIFA kunalibe. Mnyamata waluso wa ku Mafalala akafuna kusewera pa chikho cha dziko lonse, khomo linali limodzi basi, ndipo kiyi wake anali m'thumba mwa atsamunda.

Ena m'nthawi yomweyo ankasintha mayiko mosavuta. Pa 2 May 1962 ku Amsterdam, mu fainolo ya European Cup, Benfica inakumana ndi Real Madrid ya Alfredo Di Stéfano ndi Ferenc Puskás. Di Stéfano anali atasewerera Argentina kenako Spain. Puskás, Hungary kenako Spain. Puskás anamwetsa zitatu, koma Benfica inapambana 5-3, zigoli ziwiri zomaliza zili za Eusébio, wa zaka 20. Mpira utatha, chomwe mnyamatayu ankafunitsitsa chinali jezi ya Di Stéfano, ngwazi yake, ndipo anaipeza. Mu 1965 anapata Ballon d'Or, munthu wakuda woyamba kutero.

Chaka cha 1966 ndiye chimandipweteka mutu ndikachiganizira. Mayiko a mu Africa ananyanyala mpikisano wa chikho cha dziko lonse chaka chimenecho, chifukwa FIFA sinapatse Africa malo akeake ngakhale amodzi. Ku England kunalibe timu ya mu Africa. Koma Portugal inapita ndi anyamata anayi obadwira ku Mozambique: Eusébio, Vicente, Hilário ndi kaputeni Mário Coluna. Anaswa Brazil 3-1, Eusébio akumwetsa ziwiri. Mu kotafainolo ku Goodison Park, North Korea inatsogola 3-0 pasanathe mphindi 30. Eusébio anamwetsa zinayi zotsatizana, ziwiri za penate, ndipo Portugal inapambana 5-3. Mu semifainolo anagonja 2-1 kwa England, iye n'kutuluka m'bwalo la Wembley akulira. Anamaliza pa nambala 3, Eusébio ali ndi zigoli 9, kuposa aliyense.

Nthawi imeneyo kwawo kunali nkhondo. FRELIMO inayamba kumenyera ufulu mu September 1964, ndipo pofika 1968 moto unafika ku Tete, kuseri kwa Mwanza ndi Dedza kuno. Boma la António Salazar linkaloza Eusébio pouza dziko lapansi kuti mu ufumu wa Portugal mulibe tsankho. Mwiniwakeyo ankafotokoza atakula kuti Juventus itamufuna ndi ndalama zambiri, Salazar anatsekereza ponena kuti iye ndi chuma cha dziko. Ngakhale timu yoti aisewerere, mawu omaliza sanali ake.

Alipo omwe amamudzudzula kuti anakhala chete abale ake akufa m'tchire. Eusébio ankangoti ndale zake ndi mpira. Ine sindimuona ngati ngwazi ya ufulu, ndipo iye sanadzitchepo choncho. Koma kumuweruza tili pafoni, ndi bandulo ya usiku, n'kosavuta. Ankakhala pansi pa boma la apolisi achinsinsi, amayi ake ndi abale ake ali ku Lourenço Marques m'manja mwa boma lomwelo.

Yerekezani ndi lero. Kuyambira 2004 FIFA inalola wosewera yemwe anaimira dziko lina mu matimu achisodzera kusintha, ndipo mu 2020 inafewetsanso: yemwe anasewera magemu osaposa atatu mu timu yaikulu asanakwanitse zaka 21 akhoza kusintha pakatha zaka zitatu, bola asanasewerepo mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse kapena cha kontinenti. Ademola Lookman anatenga chikho cha dziko lonse cha osaposa zaka 20 ndi England mu 2017, lero ndi wa Nigeria. Kusankha kumene timatukwanira anyamata pa intanetiku ndi ufulu womwe Eusébio sanaulawe.

Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975, iye anali ndi zaka 33, bondo litang'ambidwa kangapo, gemu yake yomaliza ya Portugal atasewera kale mu 1973. Anasiya zigoli 41 m'magemu 64 a Portugal, ndi zikho 11 za ligi ku Benfica. Anakathera mpira wake ku America, Canada ndi Mexico, ndi matimu ang'onoang'ono a ku Portugal, kenako n'kubwerera ku Benfica ngati kazembe wa timu.

Anamwalira ndi matenda a mtima pa 5 January 2014 ku Lisbon, ali ndi zaka 71. Portugal inalira masiku atatu. Mu July 2015 mafupa ake anasamutsidwira ku Panteão Nacional, nyumba yomwe Apwitikizi amagonekamo anthu awo otchuka kwambiri, wampira woyamba kulowamo. M'nyumba yomweyo mwagona Humberto Delgado, mkulu wa asilikali yemwe anaphedwa ndi apolisi achinsinsi a Salazar mu 1965.